Mafunso a Owerenga: Pulasitiki Amasungunuka Liti, Ndipo Amakaniranji?

FUNSO: Akonzi, ine ndine mmisiri wa mapaipi a madzi. Guluu amene timalumikizira mapaipi a PVC amafewetsa paipi mpaka ziwiri n'kusanduka imodzi, koma ndikampaka pa paipi yakuda ya HDPE amangouma pamwamba n'kusendeka. Ndaonanso anthu akuponya mu petulo chipulasitiki choyera chopepuka chija chimene chimatchinjiriza mafiriji m'makatoni, ndipo chimasungunuka iwo akuona, pamene petulo yemweyo amakhala miyezi m'chigubu cha pulasitiki osachiboola. Kodi pali lamulo limene limayendetsa zimenezi, kapena munthu amangodziwira poyesa? Ndine mmisiri wa ku Lilongwe.

YANKHO: Lamulo lilipo, bambo, ndipo munthu akhoza kuliwerengera ndi masamu asanatsegule n'komwe chitini cha guluu. Mapulasitiki onse, limodzi ndi mphira, nayiloni ndi thonje, ndi mapolima, kutanthauza kuti mamolekyu ake, tizidutswa tosaoneka ndi maso timene timapanga chinthucho, ndi maunyolo aatali opangidwa ndi kachigawo kamodzi kobwerezedwabwerezedwa. Hermann Staudinger wa ku Germany ndiye analimbikira mfundo imeneyi kuyambira mu 1920, anzake ambiri akumutsutsa, ndipo analandira nayo mphoto ya Nobel mu 1953. Chipulasitiki choyera mwatchulacho ndi polystyrene yofufumitsidwa. Unyolo wake umodzi umatha kukhala ndi tizigawo 2,000 kapena kupitirira apo, pamene molekyu ya toluene, imodzi mwa mankhwala opezeka mu petulo, kukula kwake n'kofanana ndi kachigawo kamodzi kokha. Kusiyana kukula kumeneku ndiko kumalamula zambiri mwa zimene mwaonazo.

Sayansi ya thermodynamics, yomwe imaona za kutentha ndi mphamvu, imati zinthu ziwiri zimasakanikirana zokha pokhapokha ngati kusakanikiranako kukutsitsa mphamvu yotchedwa ndi dzina la Josiah Willard Gibbs wa pa yunivesite ya Yale, amene anaifotokoza m'zaka za m'ma 1870. Masamu ake amalembedwa kuti ΔG = ΔH − TΔS. Gawo la ΔH likuimira mphamvu imene imawonongeka posinthana anansi, pakuti molekyu iliyonse imakokana ndi zinzake zoyandikana nazo, ndipo ikazisiya n'kukakhala pakati pa zachilendo, kawirikawiri kukokanako kumachepa. Gawo la ΔS, limene amalitcha entropy, limayeza kuchuluka kwa njira zimene mamolekyu angayalidwire m'malo amene alimo, ndipo T ndi kutentha. Kusakanikirana kumachulukitsa njirazo, choncho entropy imakankhira ku kusungunuka pamene ΔH imakonda kuletsa. Chimene chapambana pa ziwirizi ndicho chimachitika m'chitini.

Mu 1941 ndi 1942 asayansi awiri a ku America, Maurice Huggins amene ankagwira ntchito ku kampani ya Eastman Kodak ndi Paul Flory amene anali m'malabotale a Standard Oil, anapeza payekhapayekha njira yowerengera entropy ya polima. Tayerekezerani bolodi la drafuti la mabokosi 64, mukuyalapo zitsekerero za mabotolo 32 zofiira ndi 32 zobiriwira, bokosi lililonse chitsekerero chimodzi. Njira zoziyalira zikuposa nambala ya 1 wotsatidwa ndi maziro 18. Tsopano mangani zofiira zonse pa chingwe chimodzi, kotero kuti chilichonse chiyenera kukhala m'bokosi loyandikana ndi chinzake cha kumbuyo ndi cha kutsogolo. Njira zija zachepa koopsa, chifukwa mukangoika choyamba, chachiwiri chili ndi malo owerengeka okha amene chingakhalepo. Zitsekerero zomangidwazo ndiye polima, zomasukazo ndiye chosungunulira. Masamu a Flory ndi Huggins amaonetsa kuti pamene zinthu ziwiri za mamolekyu aang'ono zasakanizidwa theka ndi theka, entropy pa bokosi lililonse imakhala 0.69 m'miyezo yawo, koma chimodzi chikakhala unyolo wautali imatsikira pa 0.35, ndipo zonse zikakhala maunyolo imatsala pang'ono kutheratu.

Mbali ya kukokana anaiphatikiza mu nambala imodzi yolembedwa ndi chilembo cha Chigiriki χ, chotchulidwa kuti kai. Nambalayi ikakhala yaikulu ndiye kuti polima ndi chosungunulira sizikondana. Zinthu ziwiri za mamolekyu aang'ono zimasakanikiranabe pa mlingo uliwonse mpaka χ ifike pa 2, koma polima alibe mpata waukulu chotere: unyolo wa tizigawo 100 umayamba kupatukana ndi chosungunulira χ ikapitirira 0.605, wa tizigawo 10,000 ikapitirira 0.51, ndipo unyolo ukamatalikirabe malirewo amayandikira 0.5. Ichi n'chifukwa chake mankhwala otchedwa styrene, amene polystyrene imapangidwa kuchokera kwa iwo, amasakanikirana bwinobwino ndi chamadzimadzi chotchedwa hexane, koma akangolumikizidwa kukhala unyolo, hexane yomweyo imalephera kuwasungunula. Kukokana sikunasinthe kwenikweni, chimene chachepa ndi entropy.

Funso lotsatira n'lakuti χ timaipeza kuti. Njira yapafupi inachokera kwa Joel Hildebrand wa pa yunivesite ya California ku Berkeley, amene mu 1936 anapatsa chamadzimadzi chilichonse nambala yosonyeza mphamvu imene imafunika kuti mamolekyu ake alekanitsidwe n'kukhala nthunzi. M'miyezo ya mabuku a masiku ano, hexane ili ndi 14.9, cyclohexane 16.8, toluene 18.2, madzi pafupifupi 48, ndipo polystyrene ili cha pa 18.6. Mumachotsera nambala ya chosungunulira pa ya polima, yankholo n'kulichulukitsa ndi lokha, n'kulichulukitsanso ndi kukula kwa molekyu ya chosungunulira, kenaka n'kuligawa ndi kutentha kochulukitsidwa ndi nambala yokhazikika ya mipweya, pomaliza n'kuwonjezerapo 0.34, yomwe inapezeka poyesa mapolima ambiri. Pa madigiri 25, polystyrene mu toluene imapereka χ ya 0.35, choncho imasungunuka. Mu hexane imapereka 1.07, choncho sisungunuka. M'madzi imapitirira 6, ndiye chifukwa chake tiyi amamwedwa m'kapu ya polystyrene popanda vuto. Petulo ndi msanganizo wa mankhwala a mtundu wa hexane ndi a mtundu wa toluene ndi xylene. Achiwiriwa amalowa m'maunyolo n'kuwamasula, oyambawo amakana, ndipo n'chifukwa chake chimene chimatsala pansi pa chitini nthawi zambiri chimakhala chiphalaphala chomata. Kuzimiririka kwake kofulumirako kusakudabwitseni, chifukwa pafupifupi magawo 98 pa 100 alionse a chipulasitikicho ndi mpweya, ndipo tizipupa tosunga mpweyawo n'topyapyala zedi. Tichenjeze pano kuti nthunzi ya petulo imayaka msanga ndiponso imawononga thupi ikapumidwa, kotero si ntchito yochitira m'nyumba kapena pafupi ndi mbaula.

Nkhani ya chigubu ndi ya paipi yakuda ndi imodzi, pakuti zonse ndi HDPE, womwe ndi mtundu wa polima wotchedwa polyethylene. Mukangoyang'ana manambala a Hildebrand munganene kuti petulo ayenera kuisungunula, chifukwa nambala ya polyethylene ili pakati pa 16 ndi 17. Koma maunyolo a HDPE ndi osalala, opanda nthambi zambiri, ndipo opitirira theka amapindika n'kuthinana mwadongosolo m'tizigawo tolimba timene sitimasuka mpaka kutentha kufike cha pa madigiri 130. Kuti chosungunulira chitenge unyolo, chiyenera kuyamba chalipira mphamvu yophwasulira dongosolo limeneli, ndipo entropy yochepa ija singakwanitse kulipira pa kutentha kwa masiku onse. Petulo amalowa pang'ono m'malo osathinana, koma salekanitsa maunyolo. Mu xylene yotenthetsedwa mpaka cha pa madigiri 100 polyethylene imasungunuka ndithu, ndipo ikazizira imabwereranso. PVC ilibe dongosolo lochuluka chotere, ndipo guluu wanu ndi PVC yosungunulidwa kale m'mankhwala monga tetrahydrofuran, cyclohexanone ndi methyl ethyl ketone, amene amakondana nayo. Amamasula maunyolo a pamwamba pa paipi ndi a m'kati mwa soketi, maunyolowo amalowana n'kukolana, ndipo mankhwala akauluka pamatsala chinthu chimodzi. Pa HDPE palibe chimene chimamasuka, choncho musataye ndalama kufunafuna guluu wamphamvu: paipi imeneyi amailumikiza poitenthetsa ndi makina, kapena ndi zolumikizira zomanga ndi mazinga.

FUNSO: Akonzi, ndikuphunzira chemistry ndipo ndikukonzekera kafukufuku wa chaka chomaliza. Tinaphunzira kuti χ imatsika kutentha kukamakwera, kutanthauza kuti kutenthetsa kumathandiza kusungunula. Koma ndawerenga za mapolima amene amapatukana ndi chosungunulira akatenthetsedwa. Kodi masamu a Flory ndi Huggins ndi olakwika? Nanga ndigwiritse ntchito njira iti? Ndine mtsikana wophunzira ku Zomba.

YANKHO: Chemwali, masamuwo ndi osakwanira, ndipo Flory mwini wake, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1974, anali m'gulu la anthu amene anawakonza. Tiyambe ndi pamene amagwira bwino. Mukatsatira njira tafotokoza m'yankho loyamba ndi polystyrene mu cyclohexane, mupeza χ ya 0.48, pafupi kwambiri ndi malire. Poyesa mu labotale, χ imafika pa 0.5 yeniyeni pa madigiri pafupifupi 34.5, ndipo kutentha kumeneku Flory anakutcha theta. Pamwamba pake msanganizo umakhala woonekera bwino ngati madzi, koma mukauziziritsa umachita chifunga n'kugawikana pawiri, ndipo maunyolo aatali ndiwo amayamba kupatukana, aafupi n'kutsatira kuzizira kukapitirira. Asayansi amagwiritsa ntchito khalidwe limeneli posankhula maunyolo malinga ndi kutalika kwawo. Pa theta, kukula kwa unyolo wopiringizika kumayendera limodzi ndi kutalika kwake pa mphamvu ya masamu ya 0.5, kutanthauza kuti unyolo ukatalika kanayi kukula kwake kumangowirikiza kawiri, pamene m'chosungunulira chabwino unyolo umatambasuka ndipo mphamvuyo imakhala pafupifupi 0.6. Flory anapeza 0.6 ndi masamu achidule, ndipo njira zapamwamba zimene zinabwera pambuyo pa ntchito ya Pierre-Gilles de Gennes wa ku France zinapeza 0.588.

Zofooka zinayamba kuonekera msanga. Geoffrey Gee ndi Leslie Treloar a ku Britain, poyesa mphira mu benzene mu 1942, anapeza zotsatira zogwirizana ndi χ ya pafupifupi 0.4 imene sisintha kwenikweni ndi kuchuluka kwa mphirayo, monga mmene masamu amanenera. Koma mu polystyrene ndi cyclohexane χ imakwera polima akamachuluka, ndipo Shultz ndi Flory ataunika msanganizo umenewu mu 1952, anapeza kuti dera la kupatukana ndi lotakata kuposa limene masamu amalosera. Kenaka mu 1960 Freeman ndi Rowlinson anaonetsa chimene mwafunsachi, kuti mapolima wamba amapatukana ndi zosungunulira zawo akatenthetsedwa kwambiri m'chotengera chotsekedwa. Polystyrene mu cyclohexane imachitanso chimodzimodzi kutentha kukapitirira madigiri 200, pomwe cyclohexane yosatsekeredwa imawira pa madigiri 81. Chifukwa chake n'chakuti masamu oyamba aja amaganiza kuti malo onse ndi odzaza ndipo kukula kwake sikusintha. Zoona zake n'zakuti chamadzimadzi cha mamolekyu aang'ono chimafufuma kwambiri ndi kutentha, pamene polima amafufuma pang'ono chabe. Molekyu ya chosungunulira imene yazolowera mpata waukulu ikalowa pakati pa maunyolo othinana imataya ufulu wake, choncho entropy imatsika m'malo mokwera, ndipo popeza ΔS imachulukitsidwa ndi T, kutentha kukakwera vutolo limakula.

M'madzi chifukwa chake n'china. Polima wotchedwa PNIPAM amasungunuka m'madzi ozizira chifukwa mamolekyu a madzi amagwirana naye kudzera mu haidirojeni, koma kuti atero amayenera kufola mwadongosolo kuzungulira unyolo, zimene zimawachepetsera entropy. Pa madigiri pafupifupi 32 madzi amausiya unyolowo, iwo n'kukhwinyata, ndipo msanganizo umayera ngati mkaka. Heskins ndi Guillet anafotokoza bwino khalidwe limeneli mu 1968, ndipo popeza madigiri 32 ali pafupi ndi kutentha kwa thupi, akatswiri a zamankhwala akhala akulifufuza kwambiri.

Njira zatsopano zinabwera kudzatseka mipata imeneyi. Flory, Orwoll ndi Vrij mu 1964, kenaka Sanchez ndi Lacombe mu 1976, anaika m'masamu malo opanda kanthu amene amachuluka ndi kutentha, ndipo kupatukana kwa potentha kunayamba kuoneka m'zowerengera. Mu 1978 Oishi ndi Prausnitz anawonjezera mfundo yomweyi ku njira ya UNIFAC, imene imalosera khalidwe la molekyu pophatikiza zopereka za timagulu ta maatomu ake. Mu 2001 Joachim Gross ndi Gabriele Sadowski a ku Germany anatulutsa PC-SAFT, imene imaona molekyu iliyonse ngati unyolo wa timipira tokokana, ndipo imathandiza kwambiri pokonza mafakitale a polyethylene, kumene mpweya wa ethylene umapanikizidwa kupitirira nthawi 1,000 kuposa mpweya wa kunja kuno mpaka iwo womwe n'kukhala chosungunulira. Kumbali ya Hildebrand, vuto lake n'lakuti amaika kukokana kwa mitundu yonse mu nambala imodzi. Acetone ili ndi pafupifupi 20, pafupi ndi polystyrene, koma imangoifewetsa osaisungunula bwinobwino. Charles Hansen, pofufuza za penti ku Denmark mu 1967, anagawa nambalayo patatu: kukokana wamba kwa mamolekyu onse, kukokana kwa mamolekyu okhala ndi mbali ziwiri zosiyana mphamvu ya magetsi, ndi kugwirana kwa haidirojeni. Njira yake imafotokoza chodabwitsa chimene chinadziwika kalekale, chakuti zamadzimadzi ziwiri zolephera pazokha zikhoza kusungunula polima zikasakanizidwa, monga mmene ether ndi ethanol zimachitira ndi nitrocellulose.

Malangizo athu ndi akuti musathamangire njira yovuta. PC-SAFT imafuna manambala amene amayamba akonzedwa kuti agwirizane ndi zoyesa za mu labotale, ndipo popanda zoyesazo kompyuta ikupatsani yankho looneka lolongosoka koma losadalirika. Pa kafukufuku wa chaka chimodzi, sankhani zosungunulira zoti muyese pogwiritsa ntchito manambala a Hansen, pezani kutentha kumene msanganizo umachita chifunga pa milingo yosiyanasiyana ya polima, kenaka lembani χ ngati A + B/T, pomwe A ndi B ndi manambala osasintha ochokera pa zoyesa zanu, n'kuona pamene ikukana kugwirizana ndi zimene mwapeza. Musaiwale kulemba kutalika kwa maunyolo a polima wanu, chifukwa zotsatira zopanda chiwerengero chimenechi palibe amene angaziyerekeze ndi zake.

FUNSO: Akonzi, solushoni amene timamatira machubu a njinga akuti ndi mphira yosungunulidwa. Nanga bwanji chidutswa cha chubu chikagona mu petulo chimangotupa osasungunuka? Ndine wokonza njinga za kabaza ku Salima.

YANKHO: Mphira ya mu solushoni ndi yosaphika, achimwene, ndipo maunyolo ake ndi omasuka, choncho mankhwala a mtundu wa hexane amawanyamula limodzi ndi limodzi. Ya chubu ndi tayala inaphikidwa ndi sulufule, njira imene Charles Goodyear anailembetsa mu 1844, ndipo sulufuleyo amamanga timilatho pakati pa maunyolo mpaka chidutswa chonse n'kukhala ukonde umodzi. Petulo amalowa chifukwa χ ndi yochepa, koma akamalowa maunyolo amakokeka, ndipo unyolo wokokeka umafuna kubwerera. Kutupa kumaima pamene mphamvu ziwirizi zalingana. Flory ndi John Rehner analemba masamu ake mu 1943, ndipo mpaka lero mafakitale amayeza kuchuluka kwa timilathoto poviika mphira mu toluene n'kuona mmene yatupira. Matewera otaya a ana amayendera mfundo yomweyi: muli ufa wa sodium polyacrylate, ukonde umene umamwa madzi oyera kuposa kulemera kwake nthawi mazanamazana, koma madzi amchere monga mkodzo umamwa ochepa kwambiri.

FUNSO: Akonzi, gulu lathu la amayi limatola mapulasitiki n'kumagulitsa. Ogula amatiuza kuti tiziwasankhula malinga ndi manambala a pansi pa botolo, ndipo osakaniza amawagula motchipa. Popeza onse akukasungunulidwa pamoto, kusankhulako n'kwa ntchito yanji? Ndine mlembi wa gulu, ku Ndirande.

YANKHO: Ogulawo akunena zoona, mayi. M'yankho loyamba tanena kuti mbali zonse ziwiri zikakhala maunyolo, entropy ya kusakanikirana imatsala pang'ono kutha. Kwa mapolima awiri a tizigawo 1,000 aliyense, malire a χ ndi 0.002 okha, kotero kusiyana kochepetsetsa n'kokwanira kuti akanane. Ngakhale polyethylene ndi polypropylene, zimene zonse ndi kaboni ndi haidirojeni basi, zikasungunulidwa pamodzi zimakhala timadontho ta imodzi m'kati mwa inzake, ndipo beseni loumbidwa ndi msanganizo wotere limang'aluka msanga m'malire a timadonthoto. Manambala aja, amene anayamba ku America mu 1988, akuimira mitundu: 1 ndi PET ya mabotolo a zakumwa, 2 ndi HDPE, 3 ndi PVC, 4 ndi LDPE (polyethylene yofewa), 5 ndi polypropylene, 6 ndi polystyrene, ndipo 7 ndi ena onse. Samalani kwambiri kuti 3 asalowe mwa 1, chifukwa PET imasungunuka cha pa madigiri 250, ndipo pa kutentha kumeneko PVC imakhala itayamba kale kupsa n'kutulutsa asidi wa hydrochloric amene amawononga mulu wonse ndi makina omwe.

Mapaketi onyezimira a zakudya ndiwo ovuta koposa, popeza amapangidwa pomata pamodzi mapepala opyapyala a mapolima osiyanasiyana, amene manja sangawalekanitse. Mu 2020 akatswiri a pa yunivesite ya Wisconsin ku Madison anaonetsa njira yowalekanitsira ndi zosungunulira, zimene anazisankha powerengera pa kompyuta ndi manambala a Hansen komanso njira ina yolosera kusungunuka yotchedwa COSMO-RS. Pa pepala lokhala ndi polyethylene, PET ndi polima wina wotchedwa EVOH, toluene yotentha inachotsa polyethylene yokha, mankhwala a DMSO anachotsa EVOH, ndipo PET inatsala yosasungunuka. Poyamba ankabweza polima aliyense pothiramo chamadzimadzi china chimene iye amakanana nacho, koma kulekanitsanso zamadzimadzi ziwirizo kumadya magetsi ambiri, choncho anasinthira ku kungoziziritsa msanganizo mpaka polima apatukane yekha. Njira zoterezi zimafuna makina otsekedwa obwezera zosungunulira, ndipo si zoyesera pakhomo. Kwa gulu lanu phindu lili pa kusankhula, kutsuka ndi kuumitsa, komanso kuchotsa zitsekerero pa mabotolo a PET, chifukwa zitsekererozo zimakhala za HDPE kapena polypropylene ndipo zimayenera mulu wawokha.